Duwa la m'mapiri a Lesotho: silifa ndi chisanu, limafa ndi madzi

Ntchito yanga ndi yosamalira maluwa m'nyumba za anthu ku Johannesburg, ntchito imene yadyetsa mabanja a Amalawi ambiri amene anatsikira ku Joni. Mwa zomera zonse zimene zadutsa m'manja mwangamu, pali kamodzi kamene ndimakakonda kuposa zina, ndipo n'komwekonso kamene ndimakaona kakuphedwa kawirikawiri ndi anthu okakonda. M'manazale amakagulitsa pa dzina loti ice plant kapena vygie, pomwe akatswiri a zomera amati Delosperma. Chisanu sichikapha, dzuwa silikapha. Kamafa ndi madzi okhalitsa pakhosi pake, pamene tsinde limakumana ndi nthaka. Zonse zimene ndikambe pano zikuchokera pamenepo.

Kwa amene sanakaonepo, ndi kachomera koyanga pansi, kosatalika kupitirira masentimita 10 kapena 15, koma kamayala mpaka kuphimba malo otambalala theka la mita kapena kuposerapo. Timasamba take n'tonenepa, tobulungira, todzaza madzi. Mukathyola kamodzi n'kukapsinya ndi zala, madzi amachita kudontha. Mukakayang'anitsitsa padzuwa, khungu lake limanyezimira ndi timatuza tating'onoting'ono, ndipo kunyezimira kumeneku, komwe kumaonekera kwambiri pa m'bale wake wotchedwa Mesembryanthemum crystallinum, n'kumene kunapatsa zomerazi dzina la madzi oundana. Maluwa ake amatseguka dzuwa likakwera n'kutsekanso madzulo. Tsiku la mitambo amangokhala chitsekere. Koma dzuwa likawala bwino, mtundu wa Delosperma cooperi umatulutsa maluwa apepo owala, otambalala pafupifupi masentimita 5, othithikana moti masamba saoneka n'komwe, ndipo njuchi zimachita kuwirira pamenepo. Umachita zimenezi miyezi ingapo yotsatizana osapuma.

Kwawo kwa mitundu yopirira chisanuyi ndi kumapiri a Drakensberg ndi Maloti, ku Lesotho ndi m'zigawo za South Africa zoyandikana nako, monga Free State ndi Eastern Cape. Lesotho ndi dziko lokwera lonse. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana imafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje amene ali pa mamita 3,002. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chipale chofewa, ndipo usiku madzi amaundana m'timitsinje. Kumtunda komweko, m'ming'alu ya matanthwe akuda, n'kumene kumamera Delosperma nubigenum, kamtundu kafupi kwambiri ka maluwa achikasu.

Anthu akamva za chomera chonenepa masamba amafulumira kuganiza za chipululu. Mapiri amenewa si chipululu ayi. Mvula imagwa yambiri, yamabingu, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pafupifupi nthawi yomweyo imene kwathu kumakhala dzinja. Chimene chilipo n'chakuti madziwo saima. Amagwera pathanthwe, amatsetsereka, ena amalowa m'mng'alu, ndipo pofika mawa lake pamwamba pamakhala patauma pomwe mizu pansi ikadali pachinyezi ndi pozizira bwino. Tsono chisanu chikamafika, mvula imakhala italeka. Kuzizira kumapeza kachomerako kali kouma, masamba atafota pang'ono, ena atafiira. Tsamba lokhuta madzi likaundana limaphulika mkati n'kuvunda, pomwe tsamba lofota limapulumuka.

Palinso njira ina imene zomera zambiri zonenepa masamba zimasungira madzi. Tsamba lililonse lili ndi timabowo topumira. Chimanga ndi nyemba zimatsegula timabowoti masana, ndipo madzi ambiri amathawira momwemo. Zambiri za m'banja la ice plant madzi akasowa zimatseka masana n'kutsegula usiku kukazizira. Zimatenga mpweya, kuusunga m'masamba, n'kudzaugwiritsa ntchito dzuwa likatuluka. N'chifukwa chake pachilimwe zimakula mwapang'onopang'ono koma osafa.

Mbiri ya mmene kachomeraka kanafikira m'madimba a dziko lonse imandigwira mtima. Thomas Cooper, Mngelezi wotolera zomera, anayenda m'madera amenewa cha m'ma 1860, ndipo mtundu wa cooperi uli ndi dzina lake. Joseph Hooker wa ku dimba la zomera la Kew ku Britain anaulemba m'mabuku mu 1877. N. E. Brown, wa ku Kew komweko, ndi amene anapatula gulu la Delosperma mu 1925, ndipo Louisa Bolus wa ku Cape Town anathera moyo wake akulongosola mitundu mazanamazana ya banjali. Komabe kwa zaka zambiri alimi a maluwa a kumayiko ozizira sankakhulupirira kuti chomera chotere cha ku Africa chingagone panja m'nyengo yachisanu. Amene anawasintha maganizo ndi Panayoti Kelaidis wa ku Denver Botanic Gardens, m'chigawo cha Colorado ku America. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anadzala kamtundu kachikasu kaja m'dimba la miyala la kumeneko, ndipo kanadutsa chisanu bwinobwino n'kuchita maluwa. Sizinali zamwayi. Denver ili pa mamita 1,600, imalandira mvula pafupifupi mamilimita 400 okha pachaka, ndipo chisanu chake, ngakhale chimatsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, n'chouma ndi chadzuwa. Kachomerako kanapeza nyengo yofanana ndi ya kwawo.

Kuchokera pamenepo mitundu yatsopano inachuluka. Ndondomeko ya Plant Select, imene dimba la ku Denver limayendetsa mogwirizana ndi Colorado State University, inatulutsa mitundu monga Mesa Verde ndi Table Mountain, kenako mu 2012 Fire Spinner, wa maluwa aolenji kunja, apepo mkati. Ku Japan, Koichiro Nishikawa anakwatitsa mitundu n'kutulutsa gulu la Jewel of Desert, limene limachita maluwa nthawi yaitali. Anthuwa anagwira ntchito yabwino, sindiwachitira nsanje. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife a kum'mwera kwa Africa kuno timathira madzi a pampopi, olipira, pa kapinga wofuna kumwa tsiku ndi tsiku, pomwe chomera cha m'chigawo chathu chomwechino, chosafuna zambiri, timachidziwira m'timiphika ta m'sitolo chili ndi dzina lachilendo.

Ku Britain, kumene chisanu sichifika n'komwe pa cha ku Denver, ice plant amafa kawirikawiri, chifukwa kumeneko kuzizira kumabwera pamodzi ndi mvumbi wosatha. Ku Johannesburg chisanu n'chouma monga kumafunikira, koma amafabe, chifukwa m'nyumba zambiri muli mipope yothirira yokha pa nthawi yoikika, yothira mofanana kapinga, marozi ndi miyala yomwe. Imfa yake ndimaizindikira ndili patali. Pakati pa chomeracho pamayamba kachigamba kotuwa, masamba amafewa n'kutaya kunyezimira kuja. Mukatukula nthambi, pakhosi pamakhala pakuda, ponyowa, ndipo chimazuka musanakoke n'komwe. Mwini wake akaona masamba akulendewera amati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi, kumene kuli kumalizitsa. Anzanga a ntchito imodzi akandifunsa kuti, "Achimwene, maluwa aja akutha, kodi madzi akuchepa?" ine ndimayamba ndawauza kuti atseke mpopi, kenako tikaone pakhosipo.

Tsono dimba la miyala si lokongoletsa pakhomo chabe. Ndi kaphiri kopanga ndi manja kuti madzi asaime. Mlimi wa m'dambo amene amaunda mizere italiitali kuti mbatata yake isaolere m'madzi, nzeru imeneyi akuidziwa kale.

Malo akhale a dzuwa, maola osachepera 6 patsiku. Pansi pa mtengo wa mango kapena m'mphepete mwa denga pogwera madzi a malata, ayi. Pamalo otsetsereka ndiye pabwino kwambiri, makamaka pamene paja mumadandaula kuti palibe chimene chimamera chifukwa cha miyala. Musanaike mwala ngakhale umodzi, chotsani udzu wonse ndi mizu yake. Apa ndi pamene ndimakhalitsa ine, nthawi zina kuposa pa ntchito yonse yotsala. Kapinga ndi dawe zikangotsala kachidutswa pansi pa mwala waukulu, zimadzatulukira pakati pa maluwa, ndipo simungazizule popanda kuzula maluwawo kapena kugubuduza mwalawo. Ndi bwino kulima, kuthirira, kudikira milungu iwiri kuti zotsala ziphuke, n'kukumbanso.

Kenako yesani nthaka. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 30, mudzazemo madzi. Akakhala kuti adakali ataima patatha ola, kapena dothi lanu ndi makande kapena katondo womata, musavutike n'kulikonza. Mangani pamwamba pake. Yalani zidutswa za njerwa kapena miyala ikuluikulu pansi, ndipo pamwamba muunjike chitunda chotalika masentimita 30 mpaka 50. Msakanizo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi mawilibala awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, wilibala imodzi ya timiyala tating'ono ta kwale, ndi imodzi ya dothi lapamwamba. Kompositi ikhale ya fosholo imodzi kapena ziwiri basi, yowolerana bwino. Mchenga wosalala wa pulasitala ndi fumbi la kwale musaike, chifukwa zikanyowa n'kuuma zimagwirana gwa, madzi osalowa. Kuti mudziwe ngati msakanizo wapsa, nyowetsani pang'ono, tapani dzanja limodzi, fumbatani mwamphamvu n'kutambasula. Ukamwazika wokha, uli bwino. Ukatsala uli chibulumwa chokhala ndi zidindo za zala zanu, wonjezerani mchenga ndi timiyala.

Miyala ndi imene anthu ambiri amaisewera nayo. Amaisanja pamwamba pa dothi mozungulira, nthawi zina n'kuipaka laimu, ndipo siithandiza chomera chilichonse. Mwala uzikwiriridwa, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka lake lilowe pansi, ndipo upendekere kumbuyo cha kuchitunda. Ukatero mvula yogwera pamwamba pake imatsetserekera mkati, kumizu, osati kukokolola dothi kutsogolo. Pansi pa mwala wokwiriridwa pamakhala pozizira ngakhale mu Okutobala, ndipo mizu imalondola komweko. Miyala ikuluikulu yowerengeka, ya mtundu umodzi, imaposa timiyala tambirimbiri tosiyanasiyana. Alimi a maluwa a ku Czech Republic anatchukitsa njira ina imene ndimaikonda kwambiri: kuimika miyala yaphanthiphanthi chilili, moyandikana, n'kusiya mipata yopapatiza imene amadzazamo mchenga ndi timiyala. M'mipata imeneyo mizu imatsika molunjika pansi, khosi lili pouma pamwamba. Ndi mng'alu wa ku Drakensberg uja, koma womanga ndi manja.

Podzala, kutumulani dothi lakuda limene chomera chabwera nalo kuchokera kunazale, chifukwa dothi limenelo limasunga madzi pamalo oopsa penipeni. Khosi likhale pamwamba pang'ono kuposa nthaka yozungulira, osati m'kadzenje monga timachitira ndi mbande za tomato. Siyani mpata wa masentimita 30 kapena 40 pakati pa chomera ndi chinzake. Pamaoneka pambalambanda poyamba, koma zimakumana. Pomaliza yalani timiyala tokhuthala masentimita 3 mpaka 5 ponseponse, ndipo mutukule nthambi iliyonse ndi chala n'kulowetsa timiyalato pansi pake mpaka pakhosi, kuti tsamba lisagone padothi. Manyowa a khola, udzu wophimbira, utuchi, zonsezi ndi zabwino kudimba la masamba koma pano ndi zakupha. Feteleza nayenso ayi. Mukathira urea kapena CAN chomera chimabiriwira msanga, chimatupa, maluwa amachepa, ndipo chimakhala choyamba kuvunda mvula ikachuluka.

Sikuti madzi sichiwafuna konse. Paja ndanena kuti kwawo si kuchipululu. Milungu yoyamba thirirani kawiri pamlungu kuti mizu igwire. Chikakhazikika, pachilimwe kuthirira kamodzi pa milungu iwiri n'kokwanira, koma kukhale kuthirira kofika pansi, kwa m'mawa, osati kuwazawaza tsiku lililonse. Chomeracho chimanena chokha: masamba akayamba makwinya ndipo pansi pa timiyala pauma, chili ndi ludzu, ndipo mukathirira, pofika mawa chimakhala chitakhutanso. M'madera ogwa chisanu choundanitsa madzi, lekani kuthirira mwezi wa Epulo ukamatha, chilowe m'nyengo yozizira chili chofota. Nubigenum akafiira psuu mu Juni musadandaule, sakudwala.

Tizilombo take si tambiri. Kodikodi amabisala m'mphanda za nthambi ndi kumizu, ndipo nyerere zikamakwera n'kutsika pachomera mudziwe kuti alipo. Nkhono zimadya nsonga zanthete usiku. Pakhomo pa nkhuku pamafunika kampanda, chifukwa zimapalasa timiyala n'kujompha masamba. Kupondedwanso sikapirira, choncho si kolowa m'malo mwa kapinga poseweretsa ana.

Chinthu chimene ndimakonda kuonetsa ana ndi kachibalobalo ka njere. Duwa likafota pamatsala kachikho kouma, kolimba, kotsekeka, kosaposa nsawawa. Kathyoleni, mukaike pachikhatho n'kudonthezapo madzi. Pakangopita mphindi zochepa kamayamba kutseguka kokha, zitseko zake zisanu n'kutambasuka, njere zabulauni zili poyera mkatimo. Kakauma kamatsekanso. Kuphiri kuja zimatanthauza kuti njere sizituluka pokhapokha mvula itagwa, ndipo madontho a mvulawo ndi amene amazimenya n'kuzitayira patali, pa nthawi imene zingathe kumera. Mukafuna kufesa, ziwazeni pamwamba pa mchenga wonyowa, osakwirira. Koma njira yachidule ndi yodula. Dulani nsonga yotalika masentimita 5 mpaka 10, chotsani masamba am'munsi, isiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume, n'kuizika mumchenga. Pakatha milungu iwiri kapena itatu imakhala itatulutsa mizu. Nthambi zogona pansi nthawi zambiri zimakhala zili kale ndi mizu, moti mumangodula n'kusamutsa. Kamphika kamodzi kogula kamatha kudzaza dimba lonse, ndi kugawirako anansi.

Dimba la mtundu umodzi wokha limatopetsa maso, ndipo cooperi akasiya maluwa pamafunika china choonetsa. Za kumapiri komweko zimene zimagwirizana naye ndi Aloe aristata, kakang'ono ka timadontho toyera, ndi Euphorbia clavarioides amene amamera mothithikana pathanthwe. Sedum ndi Sempervivum nazonso zimakonda moyo womwewu. Pali ziwiri zimene ndikuchenjezani nazo. Cotyledon orbiculata, wa masamba otambalala otuwa, ndi wokongola ndipo savuta, koma ali ndi poizoni wopha mbuzi ndi nkhosa, choncho pamudzi pa ziweto asayandikire. Winayo ndi Carpobrotus edulis, m'bale wamkulu wa ice plant, wa masamba ataliatali a ngodya zitatu. Kwawo ku Cape zipatso zake amapangira jamu, koma kumene anamutengera anasanduka mliri. Ku California anamudzala m'mbali mwa njanji ndi misewu ikuluikulu kuti agwire dothi, ndipo lero akuwononga ndalama zambiri kumuzula m'mphepete mwa nyanja chifukwa anaphimba zomera zakomweko. M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean vuto ndi lomwelo. M'dimba laling'ono amakwirira miyala ndi maluwa onse m'dzinja limodzi.

Nanga kwathu ku Malawi? Kupirira chisanu kuja kulibe ntchito kwenikweni, kupatula m'malo okwera monga Nyika kumene madzi amaundana usiku wa mu Juni ndi Julayi. Mayeso a kwathu ndi mvula ya Januwale ndi Febuluwale. Lilongwe imalandira mvula yoposa kawiri ya ku Denver, ndipo yambiri imagwa m'miyezi inayi yokha. Ku Mulanje ndiye imapitirira mamilimita 2,000, kuwonjezera chiperoni cha m'nyengo yozizira, chimene chimabweretsa chinyezi pa nthawi imene chomerachi chimafuna kuuma. Ndikuona kwanga, malo okwera ndi ozizirirapo monga Dedza, Ntcheu, Ntchisi ndi Mzimba ndi amene angachilandire bwino, chitunda chikakhala chachitali ndipo timiyala tachuluka kuposa mmene ndimaikira kuno. Poyambira pakhale pa cooperi, amene amapirira kutentha. Nubigenum ndi wa pamwamba pa phiri, kutentha kwa ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mphepete mwa nyanja sangakukonde.

Ndipo kwathu kuli zake zonenepa masamba zoyenera kukhala pamwamba pa chitunda chimenechi. Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira pachilimwe, anadziwika kwa akatswiri kuchokera ku Malawi: Kenneth Cameron wa kampani ya African Lakes ndi amene anamutumiza ku Kew, ndipo analembedwa m'mabuku mu 1903. Lero ali m'madimba a ku California ndi Australia. Aloe chabaudii ndi Aloe arborescens nawonso amamera m'matanthwe a kwathu. Chonde musakazule kuphiri. Chomera chimene chakhala zaka zambiri m'mng'alu chikazulidwa nthawi zambiri chimafa, ndipo thanthwelo limatsala lopanda kanthu. Pemphani mphukira kwa amene ali nazo pakhomo, gulani kunazale, kapena kafunseni nzeru kwa a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Abale anga obwerera kumudzi pabasi, kudutsa ndi zomera pachipata cha dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi, ndipo lamulolo lilipo chifukwa m'kadothi ka m'kamphika n'momwe mumayendera tizilombo ndi matenda amene angakagwere mbewu za m'munda.

Nthawi yabwino yodzala kwathu ndi Epulo kapena Meyi, mvula itangoleka, kuti mizu ikhale italowa pansi pa miyala mvula ina isanabwere. Chitundacho chimangeni mu Febuluwale kapena Malichi, mvula yomaliza ichikhazike pansi ndi kukuonetsani pamene madzi akuima, mukonze musanadzale. M'dzinja loyamba, mvula yamphamvu ikagwa pitani mukaone. Tolani masamba a mitengo amene agwera pamwamba pa zomera, chifukwa amasunga chinyezi, ndipo pamene timiyala takokoloka pakhosi bwezeranipo tina. Kachigamba kakayamba kuvunda, kadulireni kutali mpaka pabwino, chotsani dothi lonyowalo, thiranipo timiyala touma, ndipo nsonga zamoyo zimene mwadulazo muziike pamthunzi kuti mudzazizikenso.